Pitani, koma za bilu mukambiranetu

Achimwene, mwafunsa ngati n'chanzeru kukamchitira mnzanu phwando la tsiku lobadwa ku lesitanti ya m'mphepete mwa nyanja, poti nonse mukuphunzira kunja ndipo ndalama n'zoperewera. Ine ndikuti pitani, koma mkati mwa sabata. Loweruka malo oterewa amadzaza ndi alendo.

Imbani foni kaye, musungitse tebulo, mufunsenso ngati amalola kubwera ndi keke yanu; ena amalipiritsa kungoidula chabe. Za bilu ndiye mugwirizane musananyamuke, chifukwa anthu amadanirana pomwepa: wina wadya nkhanu zodula, wina wangomwa madzi, kenako mukuti tigawane mofanana. Ayi ndithu, aliyense alipire chake, kenako musonkherane za mwini tsikuyo.

Tengani majuzi, mphepo ya kunyanja imazizira dzuwa likalowa. Muonenso nthawi ya basi yomaliza.