Yankho kwa achimwene amene afunsa za sitima yoponya matumba a makalata

Achimwene, mwafunsa ngati kanema mwaika uja, wa sitima ya pamtunda ikutsomphola thumba pa mlongoti n'kuponya lina pansi osaima, ndi zenizeni kapena ndi zopanga pa kompyuta. Mwafunsanso kuti ngati zinkachitikadi, makalatawo ankapulumuka bwanji kwa akuba ndi ku mawilo a sitima. Ndi zenizeni ndithu. Ku Britain ankachita zimenezi mpaka mu 1971, ndipo ku America nakonso inali ntchito ya tsiku ndi tsiku kwa zaka pafupifupi 100. Ine ndinazionapo ndi maso anga, n'chifukwa chake ndalephera kungodutsa.

Ndimakhala ku Leicester, ku Britain komweko. Kufupi ndi kuno kuli njanji yakale yotchedwa Great Central Railway, imene anthu okonda sitima amaisamala, ndipo pa siteshoni ya Quorn anasiyapo zipangizo zolandirira makalata zija. Masiku ena amaonetsa mmene zinkagwirira ntchito. Ndinaima kuseri kwa mpanda pamodzi ndi anthu ena. Pambali pa njanji panali mlongoti wachitsulo utapachikidwa matumba achikopa, ndipo chapafupi pomwepo panali ukonde wa zingwe zikuluzikulu, wotambasulidwa pa zitsulo. Sitima yamalasha inatulukira ikufuka utsi. Bogi lofiira linatambasula ukonde wake m'mbali, ndiyeno kunangomveka phuu! Ndisanaphethire n'komwe, mlongoti unali wopanda kanthu, ndipo mu ukonde wapansi munali matumba ena akugwedera. Chimene sindiiwala ndi phokosolo. Pa foni silimveka bwino, koma ukakhala pafupi umalimva m'chifuwa.

Nkhaniyi inayamba mu 1838, pamene a positi a ku Britain anayesa kusankhira makalata m'sitima momwemo pa njanji ya Grand Junction, yochokera ku Birmingham kulowera ku Liverpool. Bogi loyamba linali lonyamulira mahatchi, anangolikonza n'kuikamo mashelefu. Ubwino wake unaoneka msanga: kalata imasankhidwa ili paulendo, m'malo mogona mu ofesi kudikira kuti kuche. Vuto linatsala pa matauni ang'onoang'ono. Sitima yothamanga ikamaima paliponse pamene pali thumba limodzi, kuthamanga kwakeko kwatha ntchito. Chaka chomwecho Nathaniel Worsdell analembetsa ku boma chipangizo chake chosinthanira matumba, John Ramsay wa ku positi anapanganso chake, ndipo mu 1848 John Dicker anakonza chimene chinadzakhala maziko a zipangizo zonse zam'tsogolo.

Wina wayankha kale kuti n'chimodzimodzi ndi galimoto yoponya mtolo wa nyuzipepala pa sitolo m'mamawa. Akunena zoona pang'ono, koma liwiro lake n'losiyana kutalitali. Sitima yoyenda makilomita 96 pa ola imadutsa mamita pafupifupi 27 pa sekondi imodzi. Thumba la ku Britain likadzaza linkafika makilogalamu 27, kupitirira pang'ono theka la thumba la chimanga. Tangoganizani katundu wotero akubwera pa liwiro limenelo. Thumba lansalu silikanapirira, n'chifukwa chake ankalikulunga m'chikopa chochindikala kwambiri n'kuchimanga ndi malamba. Chikopacho ndicho chinkalandira nkhonya.

Mmene zinkakhalira ndi umu. Bogi linali ndi ukonde wopindika m'mbali mwake, ndiponso mikono yachitsulo pafupi ndi zitseko. Sitima ikayandikira malo osinthanira, wantchito ankatsegula chitseko, kukoloweka thumba ku mkono wachitsulo n'kuukankhira kunja, ndipo ankatsitsa ukonde ndi chogwirira chachitali. Ukonde ukangotambasuka, belu linkalira m'bogimo mosalekeza kuchenjeza aliyense kuti asayandikire, chifukwa thumba lochokera kunja linkalowa ngati mwala wa legeni. Ukonde wa pa bogi unkathyola matumba a pa mlongoti, ukonde wapansi n'kuthyola a pa bogi, zonse nthawi imodzi.

Zambiri mwa izi zinkachitika usiku. M'mbali mwa njanji munali zikwangwani zochenjeza, koma mu mdima ndi nkhungu ya kuno maso sathandiza kwenikweni. Anthu a m'bogimo ankaidziwa njanji ndi makutu: kulira kwa mawilo pa mlatho, kusintha kwa phokoso polowa pakati pa zipupa, kugogoda kwa pa mphambano ya njanji. Ukafulumira kutulutsa ukonde, uwomba khoma la mlatho kapena nsanja ya siteshoni. Ukachedwa, tauni yonse igona yopanda makalata. Munthu ankaloweza njira yonse ngati mmene wakhungu amadziwira njira ya kumpopi.

Ku America anasankha njira yosavuta kupanga koma yofuna mphamvu ndi mtima. Positi ofesi ya m'sitima inakhazikika kumeneko pa 28 Ogasiti 1864, pakati pa Chicago ndi Clinton ku Iowa, pansi pa George B. Armstrong, ndipo mlongoti wopachikapo thumba, wopangidwa ndi bambo wina dzina lake Ward, unayamba kugwira ntchito mu 1869. Thumba lawo linali la chinsalu cholimba, lokhala ndi mphete yachitsulo kumwamba ndi kunsi, lomangidwa lamba pakati kuti likhale ndi chiuno. Ankalikoka pakati pa mikono iwiri ya mlongoti. Pa khomo la bogi panali ngowe yaikulu yachitsulo. Kalaliki ankaima pakhomo lotsegula, mphepo ndi phulusa la malasha zikumumenya kumaso, n'kudzutsa ngoweyo kuti ikole thumba m'chiuno muja. Pa nthawi yomweyo ankakankha ndi phazi thumba lotsikira pamalopo. Kunalibe ukonde wolilandira. Linkangogwa pansi n'kugubuduka.

Apa ndi pamene funso lanu lachiwiri lagona. Thumba likakankhidwa mofooka, mphepo ya sitima inkalikokera kunsi kwa mawilo, n'kuphulika, makalata n'kumwazika mbwee m'njanji monse. Makalalikiwo ankati kwagwa chipale, poti mapepala oyera ankauluka ngati chipale chofewa cha kwawoko. Likakankhidwa mwamphamvu kwambiri kapena pamalo olakwika, linkatha kuswa zenera la siteshoni, kugwetsa munthu woima pafupi, kapena kugwera m'dzenje la madzi. Choncho inde, ena ankang'ambika ndipo ena ankanyowa. Zikatero munthu wolandira matumba pansi ankayenda m'mbali mwa njanji ndi nyali, akutola kalata imodziimodzi, chifukwa iliyonse inali ndi mwini wake amene akuidikira.

Munthu wapansi ameneyu ndi amene ine ndimamuganizira kwambiri, ngakhale makanema samuonetsa. Kamera imakonda sitima ndi utsi. Koma thumba likachoka m'bogi, sitima yapita, ndipo latsala lokha patchire, mwina 2 koloko usiku. Chitetezo chake chonse chinali munthu mmodzi: mkulu wa positi ofesi ya pamudzipo, wantchito wa pa siteshoni, kapena mtengamakalata wolembedwa ntchito imeneyi. Iye ankafika nthawi isanakwane, koma sankaloledwa kupachika thumba kudakali nthawi yaitali. Ankalipachika kutangotsala mphindi zochepa, n'kukhala pomwepo akuliyang'anira mpaka sitima idutse. Sitima ikachedwa ndi ola lathunthu, iyenso ankadikira ola lathunthu, mvula kaya chisanu. Ku Britain ankamumangira kanyumba kakang'ono pambali pa ukonde kuti azibisalamo, ndipo kubisalako kunali kothawanso thumba lenilenilo, chifukwa kuima pafupi ndi ukonde pa nthawi yosinthana kunali kuika moyo pachiswe. Ngowe ikaphonya thumba, iye ankalitsitsa n'kubwerera nalo ku ofesi kuti likwere sitima yotsatira, ndipo nkhaniyo inkalembedwa kuti adziwe amene walakwitsa.

Nditaona ku Quorn kuja, anthu onse anatembenuka kutsatira sitima ndi mafoni awo. Ine ndinatsala ndikuyang'ana bambo wina wachikulire, mmodzi mwa odzipereka aja, akutsika kukatola matumba mu ukonde. Analinyamula limodzi ndi manja awiri, kuliika pansi, kugwada, n'kuyamba kumasula malamba limodzi ndi limodzi. Chikopacho chinali chakuda ndi ukalamba, chokhala ndi zipsera m'makona. Atachitambasula, m'kati munatuluka kathumba kansalu kooneka wamba, kosang'ambika paliponse. Munalibe kalata yeniyeni, chinali chionetsero chabe, koma anakagwira mwaulemu ngati muli ndalama ya fizi ya mwana wa munthu. Ndinakumbuka mmene agogo ankadikirira kalata yochokera ku Joni, ndipo kukhosi kunandiuma.

Kunena za akuba, chitetezo chinali pawiri: chotsekera ndi cholembera. Ku Britain thumba linkamangidwa pakamwa ndi chingwe n'kutsekedwa ndi chidindo, poyamba cha phula, pambuyo pake cha mtovu, moti wolandira ankayamba wayang'ana chidindocho asanatsegule. M'kati munkakhala pepala lonena kumene thumba lachokera ndi makalata a rejisitala amene alimo. Zikasiyana ndi zimene wapeza, ankadziwitsa akuluakulu nthawi yomweyo. Ku America matumba a makalata ankatsekedwa ndi loko wa boma, ndipo makiyi ake ankawerengedwa ndi kusungidwa mosamala kwambiri. Pa makalata a rejisitala panali loko wina wanzeru zedi, wokhala ndi kawindo koonetsa nambala. Ukangomutsegula, nambala ija inkasuntha ndi imodzi. Wotumiza ankalemba nambalayo pa pepala, wolandira n'kuyerekeza. Ngati pa pepala pali 214 koma loko akuonetsa 215, ndiye kuti wina watsegula panjira, ndipo anthu amene thumbalo ladutsa m'manja mwawo ndi odziwika mayina, poti aliyense ankasainira. Kwa ine nzeru imeneyi ikuposa ya ngowe ija. Loko aliyense amathyoka, koma uyu ankaulula.

Taonaninso kuti umbava waukulu umene umatchuka sunachitike pa mlongoti kapena pa ukonde. Thumba lopachikidwa pa kasiteshoni kakumudzi linkakhala ndi makalata wamba, ndipo woliyang'anira anali chiimire pambali pake. Chuma chenicheni chinkakhala m'bogi, ndipo kuti uchipeze unkayenera kuimitsa sitima. Mu 1921 umbava wotere utachuluka ku America, boma linatumiza asilikali a Marines kukalondera makalata, linachitanso chimodzimodzi mu 1926, ndipo makalaliki a m'sitima ankanyamula mfuti zazing'ono m'chiuno. Pa 11 Okutobala 1923 abale atatu a DeAutremont anaimitsa sitima pa ngalande ya pansi pa phiri ku Siskiyou, m'chigawo cha Oregon, n'kuphulitsa bogi la makalata. Anthu anayi anafa, mmodzi mwa iwo kalaliki wa m'bogimo, ndipo achifwambawo sanapeze kanthu. Mu Juni 1924 ku Rondout, kufupi ndi Chicago, abale a Newton anaba ndalama ndi mapepala a chuma zoposa madola 2 miliyoni, ndipo zinadzadziwika kuti amene anawapatsa chinsinsi anali wofufuza milandu wa positi yemweyo.

Ya ku Britain mwina munaimvapo. Pa 8 Ogasiti 1963 sitima ya makalata yochokera ku Glasgow kupita ku London inaimitsidwa usiku ku Buckinghamshire. Achifwamba anaphimba nyali yobiriwira ya chizindikiro cha njanji ndi gulovu, n'kuyatsa yofiira ndi mabatire. Dalaivala Jack Mills anamvera chizindikiro monga mwa lamulo, anaima, ndipo anamumenya ndi chitsulo m'mutu. Anatsitsa matumba pafupifupi 120 pa mlatho wa Bridego, okhala ndi mapaundi 2.6 miliyoni. Anthu amakonda kutchula Ronnie Biggs, mmodzi mwa achifwambawo, ndi kuthawa kwake kundende ngati nkhani yosangalatsa. Ine zimenezo zimandiwawa, chifukwa bambo Mills sanapezenso bwino mpaka pamene anamwalira mu 1970.

Zonsezi zinatha pang'onopang'ono. Magalimoto akuluakulu, ndege ndi makina osankha makalata zinalanda ntchito. Ku Britain kusinthana matumba sitima ikuyenda kunachitika komaliza pa 4 Okutobala 1971 kufupi ndi Penrith, ngakhale kusankha makalata m'sitima kunapitirira mpaka Januwale 2004. Ku America boma linathetsa mapangano ambiri ndi makampani a njanji mu 1967, ndipo positi ofesi yomaliza ya m'sitima inayenda pakati pa New York ndi Washington pa 30 Juni 1977.

Kanema wanu uja ndamubwereza kangapo. Pali ukonde pansi ndipo thumba ndi lachikopa, choncho ndi wa ku Britain. Akanakhala wa ku America mukanaona ngowe ndi munthu akukankha thumba ndi phazi. Ngati muli kuno kapena mudzabwera, kupatula ku Quorn amaonetsanso ku Didcot Railway Centre ndi ku Nene Valley Railway kufupi ndi Peterborough. Muyambe mwafunsa masiku ake, chifukwa sachita sabata iliyonse. Mukapita ndi ana muwagwire dzanja ndipo muime kuseri kwa mpanda kumene akuuzani, osayandikira ukonde.