Funsani Dokotala: Mwana wanga analeka kuyankhula atabayidwa katemera

Adokotala,
Mwana wanga wamwamuna ali ndi zaka ziwiri ndi miyezi isanu ndi itatu. Ali ndi chaka ankatha kunena "amama", "dada" ndi "madzi". Atabayidwa katemera wachiwiri wa chikuku, sipanathe miyezi iwiri, mawu onse aja anasowa. Pano ukamuitana sacheuka, sayang'ana munthu m'maso, amangondandalika zitsekero za mabotolo tsiku lonse, ndipo ukamusokonezera amakuwa mpaka kudzigwetsa pansi. Achemwali anga a ku Johannesburg ananditumizira kanema pa WhatsApp wonena kuti imeneyi ndi autism ndipo imabwera ndi katemera. Apongozi akuti pali wina anamukhwimira. Ndili ndi khanda la miyezi isanu ndi itatu, mwezi wamawa likuyenera kubayidwa wa chikuku. Ndipite nalo?
Mayi wa ana awiri, Ndirande

Mayi, pepani kwambiri. Mwana amene ankakuitanani ndi pakamwa pake kenako n'kungoti zii, zimapweteka, ndipo sindikudabwa kuti mukufunafuna tsiku limene zinthu zinasokonekera. Khandalo pitani nalo kusikelo. Koma kanema uja anakupatsani zifukwa zake, ndiye inenso ndikupatseni zanga.

Nkhani ya katemera ndi autism ili ndi kwawo. Mu 1998 dokotala wina wa ku London, Andrew Wakefield, analemba m'magazini ya madokotala yotchedwa The Lancet za ana 12 okha, n'kuuza atolankhani kuti akukayikira katemera wa MMR, woteteza ku chikuku, matsagwidi ndi rubella (matenda ofananako ndi chikuku). Makolo ambiri ku Britain anasiya kubayitsa ana, chikuku n'kubwereranso. Patapita zaka, mtolankhani Brian Deer anafukula kuti Wakefield ankalandira ndalama kudzera kwa maloya omwe ankakonza zosumira makampani opanga katemerayo, komanso kuti zina zomwe analemba za anawo zinkasiyana ndi zomwe zinali m'mafayilo awo akuchipatala. Mu 2010 The Lancet inachotsa zolemba zakezo, ndipo bungwe loyang'anira madokotala ku Britain linamulanda chiphaso.

Chinyengo cha munthu mmodzi sichinali chokwanira kutsekera nkhani, ndiye anthu anafufuza ndithu. Ku Denmark anatsatira ana oposa 650,000 obadwa pakati pa 1999 ndi 2010. Zotsatira zinatuluka mu 2019: autism inkapezeka mofanana mwa obayidwa ndi osabayidwa, ngakhale m'mabanja omwe munali kale mwana wa vutoli. Dziko la Japan linasiya MMR mu 1993, koma mumzinda wa Yokohama chiwerengero cha ana opezeka ndi autism chinapitirira kukwera.

Nanga zimene munaona ndi maso anu? Munaonadi, sindikukutsutsani. Kumudzi timamva kuti mango amayambitsa malungo, ndipo n'zoona kuti mango akapsa zipatala zimayamba kudzaza. Koma mango amapsa mvula ikuyamba, ndipo mvula ndiyo imabweretsa zithaphwi ndi udzudzu. Kuno kwathu katemera wa chikuku amaperekedwa pa miyezi 9 ndi pa miyezi 15. Zizindikiro za autism nazo zimaonekera poyera pakati pa chaka chimodzi ndi zaka ziwiri, msinkhu umene mwana amayembekezeka kuyamba kuloza zinthu, kutchula mawu ndi kusewera ndi anzake. Ana ena amayamba bwinobwino kenako n'kutaya mawu omwe anali nawo, ndipo zimachitikanso kwa ana omwe sanalaweko jakisoni. Pa ana ambirimbiri obayidwa mwezi uliwonse, sangalephere kupezeka ena omwe zinthu ziwirizi zingakumane pa iwo.

Autism ndi kakulidwe ka ubongo kosiyana ndi ka ana ambiri. Gwero lake lalikulu ndi chibadwa, ndipo imayamba mwana akadali m'mimba. Palibe chomwe inu munalakwa. Apongozi auzeni mwaulemu kuti palibenso yemwe anamukhwimira. Mawu amenewa ndaona akupasula mabanja, amalume ndi adzukulu awo osalonjerana, mwana ali pomwepo osathandizidwa.

Achemwali anu angafunse kuti bwanji masiku ano yachuluka. Ku America, m'chaka cha 2000 ankapeza mwana mmodzi mwa 150, pofika 2020 anali mmodzi mwa 36. Mbali yaikulu ya kukwera kumeneku ndi yakuti madokotala anakulitsa tanthauzo la matendawa ndipo ana akuyezedwa msanga. Kwathu kuno ana oterewa analipo kuyambira kale. Tinkangowatcha ozerezeka, olodzedwa, kapena kuwatsekera m'nyumba alendo akabwera.

Tsono za mwana wanu. Zimene mwafotokoza zikufanana ndi autism, koma sindingamuyeze pa kalata. Choyamba ayezedwe makutu, chifukwa mwana wosamva bwino nayenso sacheuka ndipo amataya mawu. Auzeni adokotala ngati anadwalapo malungo aakulu okomoka nawo, matenda oumitsa khosi, kapena ngati amagwa khunyu, ngakhale kungoyang'ana pamodzi kwa kanthawi osaphethira. Yambirani kuchipatala chanu chaching'ono, mupemphe kalata yopita kwa madokotala a ana ku chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, mutenge ndi buku lake lakusikelo. Musadikire kuti akule kaye.

Kunyumba yambani lero. Khalani naye pansi pamkeka, mulowe m'masewera ake a zitsekerowo m'malo momulanda. Muziyankhula naye mawu aafupi: "madzi", "bwera", "tenga". Akafuna chinthu, chigwireni pafupi ndi nkhope yanu, dikirani pang'ono kuti aloze kapena atulutse kamawu, kenako mupatseni. Zochita za tsiku zizikhala ndi ndondomeko yosasinthasintha, chifukwa kusintha kwadzidzidzi n'kumene kumamukuwitsa. Kumumenya sikuthandiza. Ndipo wina akabwera ndi botolo loti limatsuka katemera m'thupi kapena limachiza autism, ndalama zanu zisungeni. Mankhwala otero kulibe.

Khanda lija ndi limene likundidetsa nkhawa. Mu 2010 chikuku chinagwira anthu oposa 130,000 m'Malawi muno, oposa 300 anamwalira. Chimatha kusiya mwana wakhungu, wosamva, kapena ubongo utawonongeka, ndipo chimafala kudzera mumpweya mofulumira kuposa matenda ambiri. Ku Ndirande, nyumba zili khomo ndi khomo, khanda losabayidwa lilibe kothawira. Likabayidwa likhoza kutentha thupi kapena kutuluka tizidzolo pakatha sabata imodzi kapena iwiri. Zimenezo zimatha zokha. Popeza autism imayenda m'magazi a banja, nalonso muziliyang'anira kakulidwe kake, libayidwe kapena lisabayidwe.

Adokotala,
Inu achipatala ndinaleka kukukhulupirirani nthawi ya Covid. Munkati katemera alibe vuto, kenako tinamva kuti amaundanitsa magazi. Boma lomwe linamuwotcha ku Lilongwe. Obayidwa ankadwalabe. Lero mukufuna tikukhulupirireni pa ana athu?
Bambo wa ku Kasungu

Bambo, wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo zina mwanenazi n'zoona.

Katemera wa AstraZeneca, yemwe anayamba kufika kuno mu March 2021, anapezekadi kuti amaundanitsa magazi mwa anthu ochepa kwambiri, mmodzi mwa masauzande makumimakumi, makamaka achinyamata. Ena anamwalira. Amene anatulukira zimenezi ndi madokotala omwewo a ku Ulaya, patangotha miyezi yochepa, ndipo mayiko ena anasintha msinkhu wa omulandira. Ngati vuto losowa chonchi linagwidwa msanga, vuto la katemera wa chikuku, yemwe wakhala akubayidwa kuyambira m'ma 1960, silikanabisika mpaka lero.

Wowotchedwa uja anali wokwanira kubaya anthu 19,610, mu May 2021. Anafika atatsala masabata ochepa kuti nthawi yake ithe, ndipo unduna unamuwotcha poyera kuti anthu asaope kuti akubayidwa wotha ntchito.

Pa za obayidwa kudwalabe, apa ife tinalakwitsa kayankhulidwe. Ambiri tinkayankhula ngati wobayidwa sangadwalenso, pomwe ntchito yaikulu ya katemerayo inali kuchepetsa kudwala kwa kayakaya ndi imfa. Kumbukirani January 2021, katemera asanafike: nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi, bwalo la Bingu linasanduka chipatala, mpweya wa m'masilinda ukusowa. Tinali ndi mantha ifenso, ndipo tinkafulumira kulamula kusiyana ndi kufotokoza.

Kukayika kwanu kuli ndi mizu ina yakale. Mu 1996 ku Kano, ku Nigeria, kampani ya Pfizer inayesa mankhwala atsopano pa ana odwala matenda oumitsa khosi, ndipo nkhani yake inakathera kukhoti. Anthu kumeneko sanaiwale. Mu 2003 atsogoleri ena a kumpoto kwa dzikolo analetsa katemera wa poliyo, matendawa n'kufalikira kumayiko ena omwe anali atawagonjetsa kale. Olakwa anali akuluakulu, opuwala anali ana. Ifenso mu February 2022 tinamva za mtsikana wa zaka zitatu ku Lilongwe wopuwala ndi poliyo, patatha zaka 30 matendawa osaoneka kuno.

Ndiye sindikupemphani kuti mungondikhulupirira. Tsiku lasikelo aperekezeni mayi a kunyumba, abambo sitikuonani kawirikawiri pamzere paja. Funsani kuti katemerayu ndi wa matenda anji, mwana angamve bwanji akabayidwa, ndipo mubwerere msanga mukaona chiyani. Pemphani kuona tsiku lothera ntchito pa kabotolo. Alangizi a zaumoyo kapena anamwino ayenera kukuyankhani. Ndikudziwa kuti ena mwa ife, mzere ukatalika, timakalipira munthu wofunsa, ndipo zimenezi zathamangitsa makolo ambiri kuposa makanema a pa WhatsApp. Zikakuchitikirani, kaonaneni ndi woyang'anira chipatalacho kapena ombudsman wa pachipatala, yemwe amalandira madandaulo a anthu, koma mwanayo abwerere kunyumba atabayidwa.