"Fire": moto, mfuti ndi kutha kwa ntchito

Achemwali ena a ku Zomba anditumizira imelo. Akuti m'nyuzipepala anawerenga kuti "police fired at the crowd", tsiku lomwelo mnzawo nkuwauza kuti "I was fired". Akufunsa ngati ndi liwu limodzi. Iwonso ntchito inawathera kampani itachepetsa antchito, ndiye akuti kodi pa intavyu anene kuti anali "fired"?

Achemwali, liwulo ndi limodzi ndithu, ndipo gwero lake ndi moto. Mfuti zakale, monga za gogodela zija, ankazithira onga, ndipo kuti chipolopolo chituluke pamafunika kamoto koyatsa ongawo. Choncho Angerezi ponena za kuwombera ankangoti "fire". Mpaka lero mkulu wa asilikali akakuwa kuti "Fire!", ndiye kuti wombani, ndipo pangano loleka kumenyana pankhondo amati "ceasefire".

Tanthauzo lochotsa munthu ntchito linabwera mochedwa, ku America, cha m'ma 1880. Akatswiri ambiri a mawu amaliyerekeza ndi "discharge", liwu lomwe limanena za kuwomba mfuti komanso kumasula munthu pantchito. Chithunzi chake ndi cha munthu wotulutsidwa mwamphamvu ngati chipolopolo.

Kusiyana kwake kuli pa kaliwu kakang'ono. "They fired at him" ndiye kuti anamuwombera. "They fired him" ndiye kuti anamuchotsa ntchito. Mukasiya "at", nkhani yasintha yonse.

Tsono funso lanu lachiwiri ndi limene landikhudza kwambiri. Chonde, musanene kuti munali "fired". Liwu limeneli limanunkha mlandu. Wolimva amaganiza kuti munaba, munkajomba, kapena ntchito inkakukanikani. Pa Chichewa chathu timasiyanitsa bwino kuthamangitsidwa ntchito ndi kutha kwa ntchito, koma ndaona anthu osalakwa akudzipaka matope pa intavyu chifukwa "fired" ndi liwu lokhalo lomwe analidziwa. Zimandipweteka, chifukwa wofunsayo nthawi zambiri safunsanso kachiwiri, amangolemba papepala lake.

Inu nenani kuti "I was retrenched". Ndi mmene timanenera kuno ndi ku South Africa komwe. Mukamalembera kampani ya ku Britain, iwo amati "I was made redundant", pomwe Amereka amati "I was laid off". Onsewa akutanthauza kuti malo anu ndiwo anatha, inu simunalakwe. A ku Britain omwewo akafuna kunena zothamangitsa amakonda "sacked", mumalimva kawirikawiri mphunzitsi wa timu ya mpira akagonja motsatizana.

M'makalata a ofesi ndi m'khoti kawirikawiri simupezamo "fired". Lamulo lathu la zantchito, Employment Act la 2000, limati "dismissal" ndi "termination". Taonaninso kalata yomwe anakupatsani, achemwali. Ngati analembamo chifukwa chenicheni chochepetsa antchito, muzipita nayo ku intavyu iliyonse. Ngati sanalembe, bwererani mukawapemphe alembe.