Hilux yolira tsiku lina, lina ayi

Achimwene, mwati Hilux yanu yakale ija tsiku lina imalira bwinobwino, tsiku lina mukapotoza kiyi imangoti "tike" basi, makamaka kukagwa mvula. Musathamangire kugula sitata yatsopano. Vuto lobwera n'kupita chonchi nthawi zambiri limakhala la mawaya.

Yambani ndi matemino a batire. Mukaonapo ufa woyera kapena wobiriwira, masulani, kuyambira la negetivu. Tsukani ndi soda wosungunula m'madzi, palani ndi sandipepa mpaka pawale, kenako mumange zolimba. Temino lomwe likutembenuka ndi dzanja silinamangidwe.

Koma amene ambiri amamuiwala ndi waya wa ethi, wochoka ku batire kupita ku bodi ndi ku injini. Kunja amaoneka wabwino, koma mukasenda pulasitiki pang'ono kumapeto mupeza kopa atabiriwira, akuyoyoka. Kuyesa kwake n'kosavuta: tengani jampa, waya wonenepa wolumikizira mabatire uja, mbali imodzi pa negetivu ya batire, ina pa chitsulo cha injini. Ikalira nthawi yomweyo, mwampeza. Waya wotere osamumata ndi tepi, ingosinthani yense.

Ngati muli ndi mita yoyezera magetsi, batire yodzaza iwerenge pafupifupi 12.6 volts injini ili chete, ndipo isatsike pansi pa 9.6 pomwe mukuliza. Zonsezi zikakhala bwino koma "tike" uja osatha, onani kawaya kakang'ono ka pa solenoid (swichi yamagetsi ya pa sitata), kenako makontakiti, tizitsulo ta kopa ta mkati mwake. Pa sitata za kampani ya Denso amadyeka, ndipo amakaniki amawasintha paokha osataya sitata yonse.