Kugona maola atatu si kulimbikira ayi, mng'ono wanga

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mtsikana wina wa chaka choyamba kuyunivesite ku Zomba, akuchita lendi ku Chikanda. Akuti: "Asisi, ndimagona 2 koloko usiku n'kudzuka 5, kudya ndi kamodzi patsiku mwinanso tchipisi cha pachiwaya basi, mutu sukusiya kuwawa ndiye ndimangomwa bufeni. Ma assignment awunjikana, mayeso ali pakhomo. Nditani?"

Mng'ono wanga, ndiyambe ndi bufeniyo chifukwa ndi amene wandiopsa. Bufeni wa tsiku ndi tsiku, m'mimba muli pululu, amakanda chifu ndipo akhoza kukubweretsera zilonda zam'mimba. Musiye kaye. Komanso mutu wosatha kuno kwathu sitimangoti ndi mabuku, pita kukiliniki akakubaye chala aone ngati si malungo, udzudzu sudziwa kuti uli ndi mayeso. Neti uli nayo? Ipachike, osati kuisunga m'chikwama ngati ya alendo.

Tsopano za tulo. Ineyo ndinali katswiri wa zoviika mapazi m'beseni la madzi ozizira, chizolowezi chochokera kusekondale, ndinkadziona ngati wolimbikira kwabasi. Tsiku lina ndinawerenga mpaka tambala woyamba, kulowa m'mayeso 8 koloko, funso ndikulizindikira bwinobwino, ngakhale tsamba lake ndikuliona m'maso kuti linali kumanzere ndinalemba ndi cholembera chofiira, koma mawu ake osabwera olo limodzi. Ndinatuluka ndi sapu, mayeso obwereza aja ukalephera. Zimene wawerenga masana ubongo umazilongedza uli mtulo, ndiye ukadula tulo uli ngati munthu wokolola chimanga n'kuchisiya pabwalo mvula ikubwera. Munthu wamkulu amafunika maola 7 kapena kuposerapo. Ndikudziwa nthawi ya mayeso zimavuta, koma 6 akhale malire, atatu ayi. Ndipo khofi kapena zakumwa zopatsa mphamvu zija, ukamwa madzulo zimakhalabe m'thupi maola angapo, n'chifukwa chake umagona koma kudzuka ngati wamenyedwa.

Foninso, eeh. Tinene zoona, mwa maola amene ukuti ukuwerengawo awiri amapita ku TikTok ndi ma gulupu a pa WhatsApp, bandulo n'kuthera pomwepo.

Kudya ndiye ndikudziwa, nkhani ndi ndalama, ya upkeep yodzisamalira pasukulu ija imatha mwezi usanafike pakati. Chimene chinatipulumutsa ife ndi mphika umodzi anthu atatu. Tinkasonkherana kugula ufa, nyemba, usipa, soya ndi makala, Lamlungu n'kuphika nyemba zambiri zoti tizingotenthetsa masiku awiri, wina akakhala m'kalasi wina ali pambaula. Ndalama ya tchipisi cha masiku atatu imagula ndiwo zokwana pafupifupi sabata mukaphatikiza. Mmawa phala la mgaiwa lothira nsinjiro, mphindi 10 lapsa, ndipo limakusunga mpaka masana kusiyana ndi mandasi awiri amene pofika 10 koloko m'mimba mwayamba kale kuimba kwaya. M'chikwama muzikhala nthochi, mtedza wokazinga ndi botolo la madzi, mutu winawu umakhala ludzu chabe.

Ma assignment usawadikire aunjikane, tsiku limene wapatsidwa lemba olo ndime imodzi yokha, yoipa yomweyo, mawa uli ndi poyambira. Ukakayezetsa malungo undilembere zimene akuuza, ndipo undiuzenso ngati wapeza anzako awiri a mphika uja.