Makina atatu ndi belo la kaunjika: kuphunzitsa amayi kusoka muyambire pati?

Mayi wina amene amathandiza pa nyumba yosungirako amayi othawa nkhanza za m'banja ku Kasungu wandilembera pa imelo. Akuti akufuna kwabwino awapatsa makina osokera atatu opalasa ndi miyendo komanso belo limodzi la kaunjika. Amayi alipo 12, ndipo ena amangokhala milungu itatu n'kupita. Funso lawo ndi lakuti ayambe ndi madiresi kapena chiyani.

Mayi, madiresi muyambe mwawasiya. Diresi imafuna kuyeza thupi, kudula pateni, kuika manja ndi zipi, ndipo wophunzira watsopano amatha mwezi asanatulutse yovalika. Mayi amene achoke pakatha milungu itatu adzapita ndi nsalu yodulidwa theka, komanso kumene akupitako makina kulibe. Choncho konzani maphunziro anu poganizira tsiku limene adzatuluke pa geti: tsiku lililonse amalize chinthu chimodzi, ndipo luso loyamba likhale la singano ya pamanja.

Sabata yoyamba ikhale yokonza zong'ambika. Kuika batani, kupinda m'munsi mwa siketi, kuika chigamba, ndi msoko wobwerera m'mbuyo umene umalimba pafupifupi ngati wa makina. Chigamba chizipitirira pong'ambika ndi masentimita 2 mbali zonse, ndipo m'mphepete mwake mupindidwe musanasoke, apo ayi chimayamba kusosoka pochapa koyamba. Ulusi wa pa singano usapitirire kutalika kwa mkono, chifukwa wautali umapotana n'kumanga mfundo. Ntchito imeneyi anthu amaipeputsa, koma yunifolomu ya mwana wa sukulu imang'ambika mudzi uliwonse, ndipo wokonza amalandira ndalama tsiku lomwelo.

Belolo musalidule lisanasankhidwe. Patulani kaye zovala zabwinobwino, mugulitse momwe zilili kuti mupeze ya ulusi ndi singano. Zotsalazo ikani m'magulu atatu: majinzi, nsalu za thonje zosatamuka monga mashati aamuna ndi nsalu zoyala pabedi, kenako zotamuka monga matisheti. Gulu lachitatuli lidikire. Makina opalasa amasoka msoko wowongoka wokha, ndipo pa nsalu yotamuka msokowo umaduka munthu akangovala. Zonse zichapidwe ndi kusitidwa musanadule, chifukwa zina zimafupika kapena kusuluka m'madzi, ndipo nsalu yamakwinya imanamiza tepi.

Pa makina, tsiku loyamba musaikepo ulusi. Mayi angophunzira kupalasa mpaka gudumu lizizungulira mbali imodzi, kubwera kwa iye. Likangobwerera m'mbuyo ulusi umaduka kapena kukodwa mu shatulo (kachitsulo ka pansi pa singano momwe mumachokera ulusi wa pansi), ndipo apa ndi pamene ambiri amagwa ulesi n'kunena kuti makina ndi ovuta. Akazolowera, jambulani mizere papepala aziitsata ndi singano yakale yopanda ulusi. Popeza makina ndi atatu okha, gawani amayi m'magulu a anayi: mmodzi ali pa makina, wina akudula, wina akuika mapini, wina akusita, n'kumasinthana pakatha mphindi 30. Wokhala chete kudikira makina amayamba kulingalira zimene wathawa kunyumba.

Chinthu choyamba cha pa makina chikhale chikwama cha jinzi. Dulani mwendo wa buluku masentimita 35 kuchokera kunsi. Mpindiro wakale wa kunsi ndiwo ukhale kukamwa kwa chikwama, motero simuvutika kupinda. Tembenuzani kunja kukhale mkati, sokani kumene mwadulako kusiya masentimita 1.5, ndipo mubwereze kawiri. Zogwirira ndi timizere tiwiri ta masentimita 8 m'lifupi ndi 60 m'litali: pindani mbali zonse kulowetsa pakati, pindaninso, sitani, sokani. Pomangirira chogwirira pa chikwama sokani kabokosi n'kudutsamo mtanda, chifukwa mpamene kulemera kwa makope kumakokera. Pamene misoko ya jinzi yakumana pamakhala pochindikala kwambiri. Menyanipo ndi nyundo pa thabwa kuti paphwatalale, ndipo podutsapo zunguzani gudumu ndi dzanja. Singano ya jinzi ndi nambala 16 kapena 18, ya nsalu za mashati ndi 14. Mukasoka jinzi ndi 14 mudzathyola paketi yonse tsiku limodzi.

Chikwama chikatheka, shati yaamuna imasanduka diresi ya mwana wamkazi mosavuta: mabatani ndi mabowo ake alipo kale, mungochepetsa m'mbali ndi m'mapewa. Pateni dulani pa pepala la thumba la simenti, ndipo muziigoneka motsata kutalika kwa shati. Mukaipingasa, diresi imapotoka ikachapidwa.

Makina akavuta, musathamangire kwa mekaniki. Ulusi ukamaunjikana kunsi kwa nsalu, anthu amatsegula pa bobini (kachitsulo kokulungapo ulusi wa pansi), pamene vuto nthawi zambiri limakhala pa ulusi wa pamwamba: unalowetsedwa phazi la makina lili pansi, choncho sunalowe pakati pa timbale tokhwimitsa. Kwezani phazi, lowetsaninso. Akamadumpha msoko, singano yapindika, yabuntha kapena yalowa chozondoka. Mbali ya singano imene ili ndi kangalande kakatali iyang'ane kumene ulusi ukulowera. Gudumu likamaterereka, lamba watamuka: dulani sentimita imodzi n'kulumikizanso. Ndipo chonde, mafuta ophikira asayandikire makina. Amauma n'kumata zitsulo. Gulani mafuta a makina, dontho limodzi pa bowo lililonse kamodzi pa sabata, muchotse tinyenyeswa ta thonje pansi pa mano okoka nsalu, ndipo muzivundikira makinawo ndi chitenje, makamaka m'miyezi ya fumbi ya Ogasiti mpaka Okutobala.

Za msika, Kasungu ndalama imayenda fodya akamagulitsidwa ku Chinkhoma, ndipo zikwama za sukulu zimafunika sukulu zikamatsegulira mu Seputembala, ndiye sokeranitu. Mtengo muwerengere nsalu ngakhale inali yopatsidwa, ulusi, ndi nthawi ya wosoka, chifukwa mayi akadzatuluka nsalu adzagula yekha. Amene waonetsa chidwi chachikulu, kamufunsireni ku TEVETA, bungwe loona za maphunziro a ntchito zamanja, za maphunziro a utelala opereka satifiketi.

Pali chimodzi chimene sindingachisiye. Potsatsa malonda pa Facebook kapena WhatsApp, jambulani chikwama chokha. Nkhope ya mayi, dzina lake, ngakhale geti la nyumbayo zisaoneke, ndipo makasitomala asamabwere kudzatenga katundu pamalopo, pakuti amene amayiwa anawathawa nawonso amafufuza. Kumsika kuzipita wogwira ntchito. Masizasi ndi malezala awerengedwe pomaliza phunziro n'kutsekeredwa, poti pali ana. Mayi aliyense potuluka mumupatse kathumba kokhala ndi singano zisanu, ulusi wakuda ndi woyera, tepi, sizasi ndi mapateni ake awiri, ndipo ndalama yogulira zimenezi muipatule pa zovala zoyamba kugulitsa zija.