Pepala la "2 mg per assay ton" lisakutayitseni ndalama

Owerenga wina wandilembera imelo kuchokera ku Mangochi. Akuti mnzake wamuonetsa pepala la ku labotale lonena kuti miyala yomwe akukumba ili ndi golide wa "2 mg per assay ton", ndipo akumuuza kuti aikepo ndalama agawane phindu. Funso lake ndi lalifupi: assay ton imodzi ndi mamaikulogalamu angati? (Galamu imodzi ndi mamaikulogalamu miliyoni imodzi.)

Achimwene, nambalayo ndikupatsani, koma mundilole ndiyambe ndalankhula, chifukwa mapepala oterewa ndawaona akusaukitsa anthu.

Ine ndinakulira pa komboni ya mgodi wa golide ku Zimbabwe, komwe agogo anga anafikako wapansi kuchokera ku Nyasaland. Amalume anga anali a Wenela, bungwe lomwe linkalemba anthu okagwira ntchito ku migodi ya ku South Africa, ankalowa pansi ku Joni mpaka 1974, pomwe ndege ya Wenela inagwa ku Francistown, ku Botswana, n'kupha Amalawi oposa 70, Kamuzu n'kuletsa zolemba anthu. Onsewa ankaswa miyala koma golide weniweniyo sanamugwirepo. Ine ndiye ndinapeza mwayi wa ntchito mu labotale, kutsogolo kwa ng'anjo.

Ntchito yake inkayenda chonchi. Mwala timaupera mpaka ukhale ufa wosalala. Timayeza pang'ono pa sikelo, n'kusakaniza ndi litharge, womwe ndi ufa wa mtovu, kuthirako soda, borax ndi ufa wa tirigu. Inde, ufa wophikira mandazi womwewu. Ntchito yake n'kuchititsa kuti mtovu utuluke mu litharge. Zikasungunuka pa moto woposa madigiri 1,000, mtovuwo umatolera golide ndi siliva yense n'kukadikha pansi. Kenako timauika m'kambale ka phulusa la mafupa, kobwerera pamoto. Kambaleko kamamwa mtovu wonse, pamwamba n'kutsala kadontho konyezimira, kochepa kuposa kanjere ka mawere. Siliva timamuchotsa ndi nitric acid. Chotsalacho ndiye timayeza, mpweya utaugwira, chifukwa ukangopuma pafupi kauluka.

Mkulu yemwe anandiphunzitsa ntchitoyi anali wachikale, wa ma ounce ndi ma pennyweight, ndipo ndi iye anandimasulira nzeru ya assay ton. Tani ya ku America ndi mapaundi 2,000, omwe ndi ma troy ounce (ma ounce oyezera golide) 29,166 ndi kachidutswa. Ndiye akatswiri akale anati, tiyeni tiziyeza ufa wa mamiligalamu 29,166 ndi kachidutswa komweko, kuti miligalamu iliyonse ya golide yotsala m'kambale iziimira ounce imodzi pa tani. Popanda kompyuta, popanda masamu aatali, sikelo yokha inkapereka yankho. Nzeru imeneyi ndimaigomera mpaka lero.

Koma kugoma sikutanthauza kuti tizigwiritsabe ntchito. Ma labotale ambiri lero amayeza magalamu 30 kapena 50 n'kulemba yankho mu magalamu pa tani ya makilogalamu 1,000. Munthu akakubweretserani pepala la assay ton m'Malawi muno, ine ndimayamba kukayika kaye. Mwina pepalalo ndi lakalekale, la malo ena, kapena walikopera pa intaneti. Ndipo ndinene mosabisa: wogwiritsa muyeso woti womverayo sauzindikira nthawi zambiri amafuna kuti asafunsidwe zambiri. Chiyambire 2021, pomwe Reserve Bank of Malawi inayamba kugula golide kudzera ku Export Development Fund, aliyense wasanduka katswiri. Nkhani za ku Makanjira ndi ku Lisungwe zili pakamwa pa aliyense, ndipo pomwe pali phokoso la golide, a mapepala sachedwa kufika.

Chomwe chimandipweteka kwambiri n'china. Labotale imayeza zomwe mwaipatsa basi. Ndinkaona anthu akubwera ndi mwala umodzi wosankha, wokongola, golide akuchita kuoneka ndi maso. Yankho likatuluka lapamwamba, munthu ankakagulitsa ng'ombe n'kugula pampu ndi chigayo cha miyala. Pakutha pa chaka dzenje ladzaza madzi, ng'ombe kulibe. Labotale sinaname ayi. Golide sakhala mofanana m'mwala. Kambewu kamodzi kakagwera mu ufa woyezedwawo, nambala imakwera kangapo. N'chifukwa chake migodi yeniyeni imayeza zitsanzo zambirimbiri, zotengedwa mopingasa mtsempha wonse, zina n'kuziyeza kawiri.

Masamu ake

Assay ton ya tani yaifupi, ya ku America ija, ndi magalamu 29.1667, omwe ndi mamaikulogalamu 29,166,667. Ilipo ina ya tani yaitali ya ku Britain, ya mapaundi 2,240: iyo ndi magalamu 32.6667, kapena mamaikulogalamu 32,666,667. Mungochulukitsa chiwerengero cha ma assay ton ndi nambala imeneyo. Theka la yaifupi ndi 14,583,333.

Koma chomwe mukufuna inu si kulemera kwa ufawo. Ndi golideyo. Mamiligalamu 2 ndi mamaikulogalamu 2,000. Gawani ndi 29.1667, mupeza pafupifupi 68.6, ndipo amenewo ndi magalamu pa tani, popeza maikulogalamu imodzi pa galamu n'chimodzimodzi ndi galamu imodzi pa tani. Migodi yambiri ikuluikulu ya ku South Africa imakumba miyala yosafika magalamu 10 pa tani. Ndiye mnzanuyo akunena kuti dzenje lake laposa imeneyo kasanu ndi kawiri.

Zitha kutheka pa mwala umodzi. Musanatulutse ndalama, pitani nokha kudzenjeko, mukatole miyala malo osiyanasiyana ndi manja anu, ya maonekedwe oipa yomwe, mukaipereke ku labotale yomwe mwasankha inu, ndipo muwauze alembe yankho mu magalamu pa tani.